Mawu Ofupikitsidwa a Chingerezi pa Chimasuliro: "Won't"

Pa gawo la chimasuliro mumapatsidwa kandime ka Chingerezi koti mumasulire m'Chichewa. Ngati m'kandimeko muli anthu amene akuyankhulana, simulephera kupezeka mawu ofupikitsidwa monga don't, can't, I'm ndi won't. Ophunzira ambiri akaona mawu aatali amaima n'kuyamba kuwalingalira mofatsa, koma akafika pa timawu totere amangodutsa poganiza kuti adatiphunzira kale ku pulayimale. M'mutu uno tiona mawu akuti won't. Tawasankha chifukwa ali ndi matanthauzo angapo, ndipo mukatola tanthauzo lolakwika chiganizo chonse chimatembenuka. Mlendo amene akulandiridwa ndi manja awiri amaoneka ngati akufunsidwa mlandu, ndipo munthu amene wakana amaoneka ngati wavomera. Wochonga mayeso sangakupatseni malikisi pa chiganizo chotembenuka chotero ngakhale Chichewa chake chikome bwanji.

Kapangidwe kake

Won't ndi chidule cha mawu awiri, will ndi not. Nkhodolero imene ili pakati pa n ndi t ikusonyeza kuti pamenepo pachotsedwa lembo la o. Ntchito imeneyi ya nkhodolero mukuidziwa kale m'Chichewa, pakuti timalemba m'nyumba m'malo mwa mu nyumba, ndiponso n'zoona m'malo mwa ndi zoona. Musasokoneze ndi nkhodolero ya m'mawu monga ng'ombe ndi pang'ono. Imeneyo sisonyeza kuti pachotsedwa lembo ayi. Imangosiyanitsa katchulidwe, kuti ng'oma yoimba isafanane ndi ngoma, nyama ya m'tchire ija.

Wophunzira watcheru afunsa kuti: ngati do not amapereka don't, ndipo is not amapereka isn't, bwanji will not sapereka willn't? Nanga o wa mu won't wachokera kuti? Yankho lake lili m'mbiri ya chiyankhulochi. M'nthawi ya mlakatuli Geoffrey Chaucer, amene adamwalira mu 1400, mneni ameneyu ankatchulidwa m'njira zingapo. Ena ankati wil, ena ankati wol. Patapita nthawi, chiganizo chovomera chidakhazikika pa will, koma chokana chidatsalira kwa wol. Mawu akuti wol not adaphatikizana n'kukhala wonnot, kenaka adafupika n'kukhala won't, ndipo m'zaka za m'ma 1600 adayamba kuoneka m'zolembedwa. Si onse adakondwera nawo. Mu 1711 mlembi wa ku London, Joseph Addison, adadandaula m'nyuzipepala yotchedwa The Spectator kuti kufupikitsa kotere kukuononga kukoma kwa Chingerezi, ndipo won't adali m'gulu la mawu amene adawatchula. Kudandaulako sikudaphule kanthu. Lewis Carroll, mlembi wa buku la Alice's Adventures in Wonderland lomwe lidatuluka mu 1865, ankakonda kulemba wo'n't, ndi nkhodolero ziwiri zosonyeza malo awiri amene pachotsedwa malembo. Inu musamutsanzire. Kalembedwe kovomerezeka ndi ka nkhodolero imodzi, pakati pa n ndi t.

Kusintha maonekedwe kotere sikwachilendo kwa ife. Mphatikiram'mbuyo wokana m'Chichewa ndi si-, koma akakumana ndi a- timati sadzapita, osati siadzapita, ndipo akakumana ndi u- timati sudzapita.

Pali mfundo ina ya m'mbiri yomweyi imene muyenera kuigwiritsitsa, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pa iyo. Poyamba penipeni will sankasonyeza nthawi yamtsogolo. Tanthauzo lake lidali kufuna. Tanthauzoli likadaonekabe m'mawu akuti willing, komanso mu wilo imene munthu amalemba yonena zofuna zake pa chuma chimene adzasiye. M'Chijeremani, chomwe ndi chibale cha Chingerezi, ich will amatanthauza kuti ndikufuna mpaka lero. Choncho won't wasenza akatundu awiri. Nthawi zina akunena kuti chinthu sichidzachitika, ndipo nthawi zina akunena kuti wina sakufuna kuchichita. Ntchito ya womasulira ndi kuzindikira kuti mwa awiriwa ndi uti amene ali m'chiganizo chimene wapatsidwa.

Zimene sizidzachitika

Ili ndi tanthauzo limene aliyense amalidziwa, komabe lili ndi pogwera pake. Chingerezi chimagwiritsa ntchito won't yemweyo pa za lero ndi za chaka chamawa, pamene Chichewa chimasiyanitsa. Onani ziganizo izi:

My sister won't come today.
Mchemwali wanga sabwera lero.

My sister won't come next year.
Mchemwali wanga sadzabwera chaka chamawa.

Mphatikiro wa -dza- umaloza kutsogolo kotalikirapo. Wophunzira amene adaloweza kuti won't ndi sadza- basi amalemba kuti "sadzabwera lero", zomwe munthu wodziwa Chichewa sanganene. Yang'anani muonjezi wa nthawi musanasankhe. Pa za mawa anthu amanena zonse ziwiri, sabwera mawa kapena sadzabwera mawa. Kumbukiraninso -ka-, amene amasonyeza kuti ntchito ikachitikira kwina. Chiganizo chakuti "I won't tell him when I get there" chimamveka bwino chikakhala "Sindikamuuza ndikakafika."

Cholakwa china, chomwe n'chachikulu kuposa ichi, ndi kusokoneza won't ndi want. Ambiri a ife timatchula mawu awiriwa mofanana, ndiye polemba dzanja limatsata khutu. Koma "I won't go" ndi "Sindipita", pamene "I want to go" ndi "Ndikufuna kupita". Matanthauzo ake ndi otsutsana. Njira yowasiyanitsira ndi kuona mawu otsatira. Want amatsatidwa ndi to kapena dzina, pamene won't amatsatidwa ndi mneni wopanda to, yemwenso salandira -s, -ed kapena -ing. Timati he won't come, osati he won't comes kapena he won't to come. Potchula, lembo la liwu la mu won't limamveka ngati la mu go ndi home. Mukaiwala nkhodolero n'kulemba wont, mwalemba mawu ena akale otanthauza chizolowezi.

Kukana

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Tiyerekeze kuti mayi wapita ndi mwana kuchipatala ndipo akuuza namwino kuti, "The child won't eat." Mukamasulira kuti "Mwanayu sadzadya" mwasandutsa mayiyo mlosi, kapenanso munthu wotemberera mwana wake yemwe. Mayiyu sakunena za mtsogolo. Akudandaula za zimene zikuchitika tsopano lino, ndipo chimasuliro cholondola ndi "Mwanayu akukana kudya." Uyu ndi will wakale uja wotanthauza kufuna.

Chokondweretsa n'chakuti ziyankhulo ziwirizi zimagwirizana popatsa zinthu zopanda moyo mtima wokana:

The car won't start.
Galimoto ikukana kulira.

The door won't open.
Chitseko chikukana kutseguka.

This wound won't heal.
Chilondachi chikukana kupola.

Mungazindikire bwanji kuti won't ndi wokana? Kawirikawiri m'chiganizo simukhala muonjezi wa nthawi yamtsogolo, ndipo nkhani imasonyeza kuti wina wayesa kale koma zakanika. Yesani kuikapo refuses to m'malo mwa won't. Chiganizo chikamvekabe bwino, masulirani ndi mneni woti kukana. Zikakhala kuti zidachitika kale, Chingerezi chimati wouldn't: "The car wouldn't start" ndi "Galimoto idakana kulira."

Umboni wina wa tanthauzo limeneli umapezeka pambuyo pa if. Lamulo la Chingerezi ndi lakuti if satsatidwa ndi will kapena won't ponena za mtsogolo. N'chifukwa chake amati "If he doesn't come tomorrow, we will start without him", kutanthauza kuti akapanda kubwera mawa tidzayamba iye palibe. Koma mukakumana ndi "If he won't come, leave him", musaganize kuti mlembi walakwitsa. Akunena kuti, "Ngati akukana kubwera, musiyeni."

Woyankhula akhoza kukaniziranso mnzake. Bambo akauza mwana wake kuti "You won't leave this house tonight", akumuletsa: "Usiku uno sutuluka m'nyumba muno." Palinso won't wongoganizira, monga mu "He won't be at home now", yemwe m'Chichewa ndi "Ndikukayika ngati ali pakhomo panopa."

Won't m'mafunso

Mwini nyumba akauza mlendo kuti "Won't you sit down?" sakumufunsa chifukwa chimene waimira. Akumupempha mwaulemu kuti akhale pansi. Ifenso timachita zomwezi. Munthu akatipeza tili pa nsima timati "Simudya nafe?" ndipo aliyense amamva kuti tikumuitana. Choncho mutha kumasulira kuti "Takhalani pansi" kapena "Bwanji mukhale pansi?" Mukalemba kuti "Kodi simudzakhala pansi?" mwataya ulemu wonse umene udali m'mawuwo. Dziwaninso kuti pomasula chidulechi m'funso, not amapita pambuyo pa mwininkhani: will you not sit down, osati will not you sit down.

Won't amapezekanso m'kafunso kotsirizira chiganizo, kofuna kuti womvera avomereze. "You will come, won't you?" ndi "Mubwera, eti?" kapena "Mubwera, si choncho?" M'Chichewa kafunso kameneka sikasintha, kaya chiganizo chili m'nthawi iti. N'chifukwa chake ambiri polemba Chingerezi amaika isn't it paliponse. Pa mayeso a Chingerezi zimenezi n'zolakwika. Chiganizo chokhala ndi will chimatsirizidwa ndi won't, ndipo chokhala ndi won't chimatsirizidwa ndi will.

Tsopano tifike pa mfundo imene imasokoneza ngakhale anthu ophunzira bwino, yomwe ndi kuyankha funso lokana. Munthu akakufunsani kuti "Simubwera?" inu n'kuyankha kuti "Inde", mwavomereza mawu ake, ndiye kuti simubwera. Mukati "Ayi, ndibwera" mwatsutsa mawu ake. Chichewa chimayankha zimene wofunsa wanena. Chingerezi sichitero. Yes ndi no amatsata chochitikacho, osati mawu a wofunsa. Ngati simubwera, yankho ndi "No, I won't", kaya funso lidali lovomera kapena lokana. Ngati mubwera, yankho ndi "Yes, I will." Mawu akuti "Yes, I won't" ndi Chichewa chovala malaya a Chingerezi, ndipo mwini chiyankhulocho akawamva sadziwa ngati akusungireni mpando kapena ayi. Pomasulira, musasiye inde kapena ayi ali yekha. Nthawi zonse onjezani mneni, kuti wowerenga asakayike: "Inde, sindibwera."

Mawu olowa m'malo mwa won't

Oyamba ndi will not. Awa ndi amene muyenera kulemba m'kalata ya ntchito, mu lipoti, ndi m'chimangirizo cha Chingerezi pamene mukufotokoza nkhani inuyo mwini. Won't musungireni mawu a ampangankhani amene ali m'mitengero, ndi kalata ya kwa mnzanu. Koma will not akapezeka pakamwa pa mpangankhani, pamene timayembekezera chidule, mlembi wachita dala. Mtsikana wa m'sewero akati "I won't marry him" wangokana. Akati "I will not marry him", akutsindika mawu alionse, ndipo chimasuliro chiyenera kumveka kulimba komweko: "Ndati ameneyo sindikwatiwa naye, zivute zitani." Wophunzira amene wamasulira ziganizo ziwirizi mofanana sadalakwitse tanthauzo, koma wataya khalidwe la mpangankhani, lomwe pa zolembedwa za luso ndi lofunika kwambiri.

Not going to amalowa m'malo mwa won't ponena za zimene munthu wakonza kapena zimene zikuonekeratu, monga mu "I am not going to sell my goats." Sangalowe m'malo mwa won't woitana mlendo uja. "Aren't you going to sit down?" akumveka ngati kudabwa kuti munthuyo waimiranji. Refuse to ndi be unwilling to amalowa m'malo mwa won't wokana, ndipo ubwino wake ndi wakuti sasiya chikayiko. Be unlikely to amalowa m'malo mwa won't wongoganizira.

Shan't, chidule cha shall not, mudzakumana naye m'mabuku akale a ku Britain, kawirikawiri pambuyo pa I ndi we. Masiku ano samveka kwambiri, ndipo ku America n'ngosowa. Kumpoto kwa England ndi ku Scotland ena amati I'll not m'malo mwa I won't. Mawu awiriwa ingowazindikirani mukawaona. Palibe chokukakamizani kuwalemba.

Potsiriza pa gululi pali wouldn't wa m'mawu ochita kufotokozedwa. "I won't come," she said amasanduka She said that she wouldn't come, chifukwa Chingerezi chimabweza nthawi ya mneni m'mbuyo. Chichewa sichibweza. Timati "Adanena kuti sadzabwera", osati "Adanena kuti sakadabwera", zomwe zili ndi tanthauzo lina.

Chitsanzo cha chimasuliro

Werengani kandime aka, ndipo musanaone chimasuliro chake yesani kunena ntchito ya won't aliyense.

"Uncle, Grandmother won't take her medicine," said the girl. "She says it won't help her."
"Won't you come in and talk to her?" the girl's mother asked.
"I will," he said, "but I have to catch the bus to Zomba."
"You will come back on Sunday, won't you?"
"I can't. There is too much work."
"So you won't see her again this month?"
"No, I won't."

Chimasuliro:

"Amalume, agogo akukana kumwa mankhwala," adatero mtsikanayo. "Akuti sawathandiza."
"Achimwene, talowani mudzayankhule nawo," adapempha motero mayi a mtsikanayo.
"Ndilowa," adayankha amalumewo, "koma ndikuyenera kukakwera basi ya ku Zomba."
"Lamulungu mudzabweranso, eti?"
"Sindingathe. Ntchito yachuluka."
"Ndiye kuti simudzawaonanso mwezi uno?"
"Inde, sindidzawaonanso."

Won't wapezeka kasanu ndi kamodzi, ndipo -dza- wokana waoneka m'mizere iwiri yomaliza yokha. Woyamba ndi wokana. Wachiwiri akunena za mtsogolo moyandikira, pakuti mankhwala ali pomwepo, n'chifukwa chake tati sawathandiza. Wachitatu ndi pempho, ndipo funso lasanduka chiganizo chopempha chokhala ndi ta-. Wachinayi ndi kafunso kotsirizira, komwe kasanduka eti. Pa mzere womaliza no wasanduka inde, chifukwa amalumewo akuvomereza zimene mlongo wawo wanena. Mukadalemba "Ayi, sindidzawaonanso" zikadamvekabe, popeza mneni alipo. Chimene chikadakutayitsani malikisi ndi kulemba "Ayi" yekha, chifukwa wowerenga Chichewa akadamva kuti amalumewo adzabweranso.

Onaninso zinthu zina zimene Chingerezi sichinena koma Chichewa chimafuna. You ndi mmodzi yemweyo kwa mwana ndi kwa wamkulu, koma ife tiyenera kusankha pakati pa iwe ndi inu, ndipo agogo sitingawanene kuti akukana ngati kamwana popanda a- waulemu m'dzina lawo ndi -wa- mu sawathandiza. Uncle akhoza kukhala amalume, abambo aang'ono kapena abambo aakulu. Kandimeka sikadanene, choncho tasankha amalume, ndipo titasankha tero tawapatsa mayi aja mawu akuti achimwene kuti ubalewo ugwirizane. Take medicine ndi kumwa mankhwala, osati kutenga mankhwala.

Ntchito

A. Masulirani ziganizo izi m'Chichewa, ndipo pa chilichonse nenani ntchito imene won't akugwira.
1. The rains won't start until December.
2. My pen won't write.
3. Won't you have some tea, Aunt?
4. If the chief won't listen to us, we will go home.
5. "You won't tell Father?" "No, I won't."

B. Lembaninso ziganizo izi m'Chingerezi popanda kugwiritsa ntchito won't, koma tanthauzo lisasinthe.
1. The witness won't answer the question.
2. I won't be able to attend the interview on Monday.
3. She won't be in the office at this hour.

C. Lembani kukambirana kwa mizere isanu ndi umodzi pakati pa mwana wa sukulu ndi agogo ake, m'Chingerezi, momwe muli won't wokana ndi won't wopempha. Kenaka sinthanani ndi mnzanu kuti amasulire m'Chichewa.